Nyerere pa Botolo la a Makaniko

A Nesi anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuchapa yunifolomu, Lachinayi m'mawa, tsiku langa lopuma. Njinga yawo yamoto anaisiya kumsewu, patali ndi geti lathu, chifukwa ndinali nditawauza kale kuti sindifuna kuiona pakhomo panga. Kwathuko njinga imeneyo ikaima pakhomo pa munthu, aneba amayamba kutsitsa mawu ndi kufunsana kuti kwatsala masiku angati.

"A Sajeni, sindinabwere kwa wapolisi, ndabwera kwa neba," iwo anatero. "Wina akuba mankhwala kwa a Makaniko."

A Makaniko ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndipo khansa inali itawagoneka miyezi isanu. Anali ndi khadi lachikasu, lija boma limapereka kwa odwala amene madokotala anena kuti sachira. Mwini khadi limenelo amalandira mwaulere mankhwala amphamvu oletsa ululu, matiresi, ndiponso namwino womuyendera kawiri pa sabata. Chimene chimafunika n'chakuti wachibale mmodzi asaine pepala lovomera kuti ndiye azisunga mankhwalawo ndi kumwetsa wodwalayo.

A Nesi anatulutsa botolo m'chikwama. Munali mofini wamadzi, wobiriwira, ndipo pambali anali atamatapo kapulasitala kosonyeza pamene mankhwala ayenera kulekezera.

"Mlingo uli bwinobwino. Mtundu uli bwinobwino. Koma taonani pachitsekerero."

Panali nyerere zitatu zakufa, zitamatirira.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikunyamula mankhwala amenewa, nyerere sizinawayandikirepo. Ndi owawa ngati ndulu. Lero ndalawa kadontho, muli shuga. Wina akupungula n'kuthiramo madzi ndi juwisi. Ine kudabwa kuti mkulu uja akubuula bwanji chonsecho mlingo ndawonjezera kale kawiri."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Lipoti liyenera kufika kuofesi isanakwane folo koloko. Ndikalemba kuti m'nyumbamo muli wakuba wosadziwika, mankhwala aimitsidwa mpaka kafukufuku atatha. Inu mukudziwa mmene kafukufuku wanu amayendera."

Ndinkadziwadi. Zikayenda bwino ndi masabata atatu, ndipo masabata atatu opanda mankhwala kwa munthu ngati a Makaniko si chinthu chofunira ngakhale mdani wako.

"Ndipezereni munthuyo lero," anatero a Nesi akumanga chikwama. Kenako anandiyang'ana cham'mbali. "Nanga bambo anu ali bwanji? Pepala lija..."

"Ali bwino. Tikambe za a Makaniko."

Potuluka ndinadutsa bambo anga pakhonde. Dera lonse limawatcha a Penta, ndipo ngakhale anasiya ntchito kalekale, maburashi awo amawatsukabe Lachinayi lililonse ngati mawa pali wowaitana. Masabata amenewo ankagona tulo, chakudya ankamaliza m'mbale, ndipo ine ndinkayenda modzimva kuti mapiritsi a zilonda za m'mimba amene ndinkawagulira akugwira ntchito.

"Wavala nsapato za kuntchito tsiku lopuma?" anandifunsa.

"Kwa anzanu kwalowa wakuba, bambo."

Burashi inali m'manja mwawo inagwera m'beseni, ine n'kumati ndi ukalamba.

* * *

Mkazi wa a Makaniko, amene tonse timawatcha mayi a Sipanala, anandilandirira pabalaza. A Makaniko anali m'tulo kuchipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono. Mpweya wa m'nyumbamo unali wa sopo wochapira ndi mafuta odzola odwala.

"Mwana wanga, ine Mulungu ndi mboni. Kiyi wa kabati ndi uyu, amakhala pakhosi pangapa, ndimasamba naye, ndimagona naye. Ndikoka mankhwala m'sirinji mpaka pamzere umene a Nesi anandionetsa, osapitirira ngakhale pang'ono. Ine ndingabere mwamuna wanga? Munthu amene anandikwatira ndilibe ndi nsapato zomwe?"

"Palibe wanena zimenezo, mayi. Masana mumakhala kuti?"

"Kumsika, kogulitsa zovala. Nanga tidya chiyani? Ndimachoka wani koloko, folo ndabwera."

"Kiyi mumapita naye?"

Apa anazengereza. "Mankhwala a thu koloko amamwa okha. Ndiye ndimasiya pansi pa pilo."

"Masanawo amakhala ndi ndani?"

"Palibe. Bambo anu okha basi, akabwera kudzasewera dirafuti. Anthu awiriwa, mwana wanga, kuyambira unyamata..."

"Ndikufunsa za anthu oti angabe, mayi."

M'kabuku kanga ndinalemba kuti kiyi pansi pa pilo, wani koloko mpaka folo. Za bambo anga sindinalembe. Ndakhala ndikuphunzitsa apolisi atsopano kuti dzina lililonse lotuluka pakamwa pa mboni lizilowa m'kabuku, koma tsiku limenelo cholembera changa chinadumpha mzere ine ndikuona.

Mayi a Sipanala anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Ndinabereka ndekha, koma ndisabise. Chaka chatha Sipanala anagulitsa jeke wonyamulira galimoto wa bambo ake, zonse zinathera ku mowa. Akuti mankhwala awa alipo anthu amene amagula." Anagwira dzanja langa. "Mukamupeza musamumenye. Ndi mmodzi yemweyo."

* * *

Sipanala ndi dzina limene bambo ake anamupatsa akukwawa, ndipo lenileni anthu analiiwala. Tinakulira limodzi, pano ndi bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndinamupeza kugalaja miyendo yokha ikuoneka pansi pa minibasi. Panali amakaniko anzake anayi, madalaivala odikira magalimoto awo, ndi mayi wogulitsa tiyi.

Ndikanatha kumuitanira pambali. Sindinatero. Ndinamukoka mwendo, n'kumuimiritsa ndi kolala ya ovolosi.

"Khuthula m'matumba."

"Achemwali, moni kaye."

"Khuthula. Ukuba mankhwala a bambo ako, munthu akufa, kuti ukamwere mowa."

Wina anazimitsa wailesi. Sipanala anakhuthula pa boneti: ndudu ziwiri, manati atatu, machesi, ndi chithunzi chakale cha bambo ake ataima pambali pa lole, manja ali m'chiuno.

"Bwana," anatero, ndipo liwu limenelo analitchula mondibaya, "mowa ndimamwa, dziko lonse likudziwa. Jeke ndinagulitsa, ndinavomera. Koma m'chipinda chija sindinalowemo masabata atatu."

"Ukukhala nyumba yomweyo."

"Ndimaima pakhomo. Ndimati mwadzuka bwanji bambo, n'kuthawa." Anatola chithunzi chija n'kuchipukuta ndi chala chamafuta. "Munthu uyu ankanyamula giyabokosi yekha. Pano ndikumamumva akulira. Inuyo mungalowe?"

Mwini galaja, mkulu wamimba yake wosakonda zoyankhulayankhula, anabwera akupukuta m'manja.

"Uyu amafika seveni, amachoka sikisi. Masana amadyera pomwe pano. Ndi chidakwa, koma sachoka."

Wani koloko mpaka folo Sipanala amakhala pansi pa magalimoto a anthu, maso khumi akumuona. M'malo mopepesa, ndinayamba kufotokoza za juwisi ndi nyerere, ngati kuti kulongosola kungabweze mawu amene ndinali nditalavula kale.

Sipanala anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe.

"Ine juwisi? Munandionapo ndikumwa zotsekemera? Ndiponso mukuti anasakaniza mpaka a Nesi osaona kusiyana? Ine ngakhale mawaya a galimoto ndimachita kufunsa anzangawa kuti wofiira ndi uti." Anagona chagada n'kuyamba kubwerera pansi pa minibasi. "Kafuneni munthu wa diso, bwana. Wosakaniza mitundu chonchoyo ali ndi diso."

* * *

Ndinabwerera kwa a Makaniko thu koloko itangodutsa. Mayi anali atapita kumsika. Mpando wa alendo pambali pa bedi unali wopanda munthu, ndipo bolodi la dirafuti linali pa stulu, zitsekerero za mabotolo zitandandalikidwa kudikira osewera. Bambo anga anali asanaphonyepo tsiku, koma lero sanabwere.

A Makaniko anali chigonere, maso ali otseka, akupuma mofulumira. Thupi lonse linali litathera m'bulangete.

Ndinagwada pansi n'kuyamba kutsatira nyerere. Zinkachokera pamng'alu wa simenti, kudutsa pansi pa kabati, koma sizinkathera pamenepo. Mzere wina unkakwera khoma n'kukalowa kuseri kwa katani. Ndinakoka kataniyo.

Pakhoma loyera, m'munsi mwa zenera, panali madontho asanu ndi anayi obiriwira, atandanda mzere umodzi. Loyamba linali lotuwa, lotsatira lakuderako pang'ono, choncho mpaka lomaliza. Lililonse linali litapakidwa ndi chala chachikulu, kukokera pansi kamodzi. Pambali pa lachisanu ndi chiwiri panali kachizindikiro ka pensulo.

Ndinakulira m'nyumba imene kuseri kwa chitseko chilichonse kunali madontho otere. Bambo anga sakhulupirira mtundu uli m'chitini. Amaupaka pakhoma, amaudikira uume, n'kuchonga umene wafanana. Malemu mayi anga anakalipa mpaka kutopa.

"Tsekani katani, a Sajeni," anatero a Makaniko. "Kuwala kukundipweteka."

Ndinatseka. Ndinakhala pampando wa bambo anga.

"Munayamba liti?"

"Mwezi watha." Ankayankhula mawu awiri atatu, n'kupuma. "Tikusewera. Penta anagwera pa bolodi. Analuma chipewa kuti ndisamve. Ine ululu umenewo ndimaudziwa. Ndinamupatsa theka la anga. Anagona pampando umenewo maola awiri."

"Simunaganize kuti ndi mlandu?"

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikupopa mafuta m'thanki mwanga kupatsa anzanga othera panjira. Palibe anandimangapo." Anayesa kumwetulira. "Za juwisizo ndi nzeru zake. Ankaopa kuti mkazi wanga akalipiridwa botolo likatsika msanga."

"Nanga inu? Mwakhala mukumwa madzi a shuga."

"Ine ndili ndi khadi. Ndikabuula, a Nesi amawonjezera." Anatsegula maso n'kundiyang'ana, mopanda mkwiyo, ndipo ndikanakonda akanakwiya. "Iye akabuula, amapatsidwa mapiritsi a zilonda."

Ndinene pano zimene ndakhala ndikuzizungulira. Miyezi itatu m'mbuyomo dokotala anandiitanira m'kaofesi kake bambo ali panja. Anandiuza kuti chotupa cha m'mimba mwawo chafalikira, palibenso chochita koma kuletsa ululu. Anandipatsa pepala la khadi lachikasu kuti ndisaine. Ndinalipinda n'kuliika m'dirowa, pansi pa masatifiketi anga. Bambo ndinawauza kuti ndi zilonda. Ndinkaona ngati ndikasaina ndiye kuti ndawapereka ndekha, komanso, ndisaname, sindinkafuna njinga ija pageti panga anthu akuona. Ine amene ndimauza anthu za imfa za abale awo popanda mawu kunjenjemera, ndinalephera pepala limodzi.

"Mnzangayo musamukalipire," anatero a Makaniko. "Ndiponso mwana wanga musamukhudze. Alibe chifukwa."

Sindinawauze kuti kumeneko ndinali nditachokerako kale.

* * *

Bambo ndinawapeza pakhonde pomwe paja, atavala malaya oyera a kutchalitchi. Patebulo panali kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, m'munsi mwake muli timadzi tobiriwira. Umboni anali atauyala okha.

"Ndakuona ukulowa kwa mnzanga kachiwiri," iwo anatero. "Wapeza madontho."

"Ndapeza, bambo."

"Tsiku lililonse ndinkati ndifufute. Dzanja linazolowera kusiya." Anayang'ana zala zawo. "Ndikamatuluka m'chipinda chija ndinkamumva akubuula. Ndinkadziwa kuti akubuula chifukwa cha ine. Ndinkalumbira kuti lero n'komaliza. Koma ukafika ululu uja, mayi, manyazi amatha. Ndabera munthu amene akufa. Ngati n'kupolisi, ndavala kale."

Ndinalowa kuchipinda kwanga, ndinakoka dirowa, ndinakhuthulira masatifiketi pabedi. Pepala lija panalibe. Ndinafuna m'mabuku, m'chikwama, pansi pa matiresi. Wotchi ya pakhoma inkati kota pasiti fili.

Nditatuluka, bambo anali akumasula batani la thumba la malaya. Anatulutsa pepala lopindidwa kanayi, lofewa m'mphepete chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Ukufuna ili?"

"Munalitenga liti?"

"Miyezi iwiri yapita. Ndinkafuna lumo." Analitambasula patebulo n'kulisalaza ndi chikhatho. "Chingerezi changa n'chochepa, koma cha madokotala awa ndinachimva."

Anali atalidzaza kale. Dzina lawo, zaka, nambala ya nyumba, zonse m'zilembo zazikulu zoongoka, zija ankalembera zikwangwani za masitolo. Mzere umodzi wokha pansi ndi umene unali wopanda kanthu, pamene amasaina wachibale wosunga mankhwala.

"Bwanji simunandiuze kuti mukudziwa?"

"Unkandibweretsera mapiritsi aja nkhope ikuwala. Ndikamaliza chakudya unkasangalala ngati wapambana mayeso. Ndinati mwana wanga asangalaleko pang'ono, akatopa abwera yekha." Anakankhira pepalalo kwa ine. "Kungoti wachedwa, ndipo wavutikira ndi mnzanga."

Ndinalira pamenepo, ndili chiimire, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Bambo sanandiletse. Anachotsa pensulo kukhutu, n'kukumbukira kuti za boma safuna pensulo, n'kundilozera cholembera changa chomwe m'thumba. Ndinasaina.

"Ukamaliza izi upite kugalaja," anatero. "Mayi wa tiyi wadutsa pano, wandiuza. Mwana uja wamunyoza pagulu, ukamupepesenso pagulu."

"Ndipita, bambo."

Ndinaimbira a Nesi. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kuseri kwa katani mpaka pepala la m'thumba la malaya. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye wakuba wosadziwika palibe," anatero pomaliza. "Pali odwala awiri, khadi limodzi. Wachiwiriyo akalembetsa lero, aliyense akhala ndi botolo lake, ndipo a Makaniko mankhwala awo saimitsidwa. Ndiwapititsira atsopano pompano. Koma a Sajeni, pafomu pali mzere wofunsa chimene chinachititsa. Sindingausiye."

Ndinayang'ana bambo. Anali atagwira pamimba ndi dzanja limodzi, mosabisanso.

"Lembani kuti wachibale anakana kusaina."

"Amafunanso dzina la wachibaleyo."

"Lembani langa. Ndi udindo womwe."

Kumbali inayo ndinkamva cholembera chikuyenda.

"Ndikachoka kwa a Makaniko ndifika kwanuko. Njinga ndiisiye kumsewu?"

"Ayi," ndinatero. "Mulowe nayo."

Ndinapita kukatsegula geti, zitseko zonse ziwiri, n'kuziikira miyala kuti mphepo isazitseke. Kutsidya kwa msewu amayi awiri anasiya kuyanika zovala n'kuyamba kuyang'ana. Ndinawapatsa moni, n'kuima pomwepo kudikira.